Ulendo wa ku Nkhotakota, Mudzi wa Ajumbe ndi Madzi a Mawira

Aphunzitsi ndi akatekisti anzanga, tsiku lina pophunzitsa mbiri ya dziko lathu kuno ku Thuchila ndinafika pa nkhani ya ukapolo, ndipo ndisanathe kufotokoza, mnyamata wina anaceuka naloza mnzace wa Ciyao, nati, "Makolo a uyu ndiwo anagulitsa makolo athu." Ana onse anaseka, koma wolozedwa uja anawerama, ndipo m'mawa mwace sanabwere ku sukulu. Ndinamdzudzula wolozayo, koma mumtima ndinadziwa kuti kudzudzula sikuyankha, pakuti inenso nkhaniyi ndinaidziwa mbali imodzi yokha. Cifukwa cace pa masiku opumula ndinanyamuka kumka ku Nkhotakota, kumene kunali dooko lalikuru la akapolo pa Nyanja yathu, kuti ndikaone ndi maso anga. Zimene ndinaona ndi kuzindikira ndazilemba pano, kuti wina wa inu akadzafunsidwa funso lomweli asadzasowe mau monga ndinasowa ine.

Njira yace

Wocokera ku Thuchila ayamba wafika ku Limbe ndi Blantyre, naoloka Shire pa Zalewa, nalowa mseu wa m'mbali mwa Nyanja wodzera ku Golomoti ndi Salima. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Munthu wozolowera mphepo yozizira yotsika m'phiri la Mulanje amva msanga kuti walowa dziko lina, pakuti minda ya tiyi ndi nandolo yatsala m'mbuyo, ndipo m'malo mwace aona milambe, migwalangwa ndi madambo a mpunga. Atatsala pang'ono kufika aoloka mlatho wa pa Chia, pamene thamanda lalikuru likomana ndi Nyanja, ndipo pamenepo amuna ndi akazi athamangira galimoto atanyamula nsomba m'manja. Kucokera apo midzi igundana m'mbali mwa mseu, pansi pa mitengo ya mango yakale, kufikira pa boma.

Za dzina lace

M'mabuku akale a Azungu mudzapeza dzinali litalembedwa Kota Kota. Makutu ao sanamve mpweya umene ife titurutsa pochula kh, ph ndi th, ndipo ndi makutu omwewo analemba Tuchila m'malo mwa Thuchila. Mpweya umenewu si cinthu cacabe m'cinenero cathu, pakuti mlenje woponya mkondo asiyana ndi mlenje wophonya nyama, ndipo kasiyanidwe kace kali pa h yekhayo. Ambiri amati dzina la Nkhotakota licokera ku mneni kukhota, cifukwa ca kukhotakhota kwa gombe la pamenepo. Gombelo ndilo linadzetsa mwai ndi tsoka pamodzi: mcenga wautali ulowa m'Nyanja nuchinga mafunde a mwera, kotero kuti zombo zikhoza kukoceza mosaopa kusweka. Eni mudzi amakondanso dzina lakuti Linga, ndilo mpanda wolimba wothawiramo nkhondo. Ndipo dzina limeneli liri ndi mbiri yace, monga tidzaona.

Kufika kwa Jumbe

Eni dziko a pamenepo ndiwo Acewa a mfumu Malengachanzi. M'zaka za m'ma 1840 kunafika munthu wa malonda wocokera ku gombe la nyanja ya mcere, dzina lace Salim bin Abdallah, napempha malo okhalapo. Ndipo mfumu inampatsa, monga mwa mwambo wathu wolandira mlendo. Iye anachedwa Jumbe, ndiwo mau a Ciswahili onena mfumu kapena nduna, ndipo atatu amene analowa m'malo mwace, wina pambuyo pa mnzace, anachedwa ndi dzina lomwelo.

Mlendoyo anali ndi zinthu ziwiri zimene eni dziko analibe, ndizo mfuti zambiri ndi zombo za mathanga. Ndipo anafika pa nyengo ya mantha. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi caka ca 1835, ndipo m'zaka zotsatapo magulu ao anayamba kuthira nkhondo midzi ya Acewa ya kumtunda. Anthu othawa mikondo anatsikira ku gombe, nabisala kwa mwini mfuti. Motero mudzi wa Jumbe unakula kufikira kuwerengedwa pakati pa midzi yaikuru koposa ya m'kati mwa Afrika, ndipo mlendo uja anasanduka wamphamvu kuposa amene anampatsa malo. Apa pali cinthu cofunika kuwauza ana: linga lomwelo limene linapulumutsa ena ku nkhondo ndilo linasunga ena oyembekeza kugulitsidwa.

Malonda ace anali minyanga ya njobvu ndi anthu. Maulendo ace anamka kumadzulo, ku Kasungu kwa Mwase, ndi kupitirira ku Luangwa, atanyamula nsaru, mikanda, mfuti ndi onga. Anthu ogulidwa kumeneko, ena ogwidwa pa nkhondo, ena operekedwa ndi abale ao cifukwa ca mirandu kapena njala, anafika ku Nkhotakota m'magoli, napanikizidwa m'zombo, naolotsedwa kumka tsidya la kum'mawa. Kucokera kumeneko anayenda pansi miyezi ingapo kufikira ku Kilwa, ndipo ofooka anatsala m'njira. Msilikali Rigby, amene anali kazembe wa Angerezi ku Zanzibar, anauza David Livingstone kuti akapolo 19,000 a dziko la Nyasa lokha anali kupyola pa nyumba ya msonkho ya cisumbuco caka ndi caka. Ndipo ciwerengero cimeneci siciphatikiza amene anafera m'njira. Ogulawo anafuna anchito a m'minda ya zonunkhira ku Zanzibar ndi Pemba. Minyanga inamka ku India, ku Ulaya ndi ku Amerika, kumene anaisema zisa, zigwiriro za mipeni ndi makiyi a piyano.

Mkuyu wa Livingstone

Livingstone anaona Nyanja yathu koyamba m'mwezi wa September 1859, nayenda pa madzi ace ndi ngalawa caka ca 1861. Mu September 1863 anafika ku Nkhotakota pansi, napeza anthu a malondawo ali kukhoma combo catsopano coolotsera akapolo. Pafupi ndi misyoni ya Anglican ndi cipatala ca St Anne pali mkuyu waukuru umene anthu aloza, nanena kuti pansi pace ndipo anakhala pokambirana ndi Jumbe. Ndinakhala pamthunzi pace nthawi ndithu. Tisawanamize ana kuti mau a tsiku lija analetsa ukapolo, iai. Livingstone anacoka, combo cija cinatha kukhomedwa, ndipo malonda anapitirira zaka zinanso makumi atatu. Cimene iye anatha kucita ndico kulemba zimene anaona, kuti anthu a kwao asanene kuti sanadziwe. Iye anamwalira kwa Chitambo caka ca 1873, ndipo caka comweco Sultan Barghash wa ku Zanzibar, pokakamizidwa ndi Angerezi, anatseka msika wa akapolo wa m'mudzi mwace. Koma msika utatsekedwa njira zinatsala, ndipo anthu anagulitsidwabe mobisa.

Kutha kwa ufumu wa Ajumbe

Caka ca 1889 Harry Johnston anafika ku Nkhotakota napangana pangano ndi Jumbe wacitatu, Tawakali Sudi. Jumbeyo anali munthu woona patali. Anazindikira kuti mphepo yatembenuka, nabvomera ubwenzi wa Angerezi, ndipo iwo anamlonjeza ndalama za caka ndi caka. Dziko litalowa m'manja mwa Britain caka ca 1891, mafumu ena a malonda anakana kugonja, nagonjetsedwa ndi nkhondo, monga Makanjira wa kum'mwera kwa Nyanja ndi Mlozi wa ku Karonga, amene anapacikidwa mu December 1895. Ku Nkhotakota nduna ina ya Jumbe, dzina lace Chiwaura, inamuukira mbuye wace caka ca 1893, ndipo asilikali a Johnston anathyola linga lace namasula akapolo amene anali m'menemo. Tawakali Sudi anamwalira caka ca 1894. Wolowa m'malo mwace sanakhalitse, pakuti Boma linamcotsa ndi kumtumiza ku Zanzibar. Pamenepo ufumu wa Ajumbe unatha, ndipo mudziwo unasanduka boma la cigawo cimene masiku amenewo cinachedwa Marimba. Mzikiti wakale ndi manda a Ajumbe alipobe, ndipo Asilamu a pamenepo ndi ambiri kufikira lero.

Zomwezi zinacitika kuno kwathu m'zaka zomwezo. Maulendo a akapolo omka ku Quelimane anadzera pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Mchese, ndipo ndico cifukwa cace Boma linamanga Fort Lister pamenepo caka ca 1893. Mfumu Matipwiri inagonjetsedwa caka ca 1895. Mwana wa ku Thuchila akamva za Nkhotakota asayese kuti ndi nthano ya dziko la eni.

Misyoni ndi zaka zotsatapo

Caka cimene Jumbe wacitatu anamwalira, wansembe Arthur Fraser Sim wa misyoni ya U.M.C.A. anafika kuyamba nchito pakati pa mudzi wa Cisilamu umenewu, ndipo anamwalira pomwepo caka ca 1895. Caka comweco, pa 2 September, Bishopu Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene ku London, anamira m'Nyanja pamene namondwe anagubuduza ngalawa yace. Mtembo wace unaikidwa ku Nkhotakota, ndipo manda ace ali m'chalichi ca All Saints. Sitima yochedwa ndi dzina lace inayamba kuyenda pa Nyanja caka ca 1901, kunyamula aphunzitsi, odwala ndi ana a sukulu pa madzi omwe aja anayendapo zombo za Jumbe. Pambuyo pace mudziwu unaonanso tsiku lina lalikuru: caka ca 1960 cipani ca Malawi Congress cinacita msonkhano wace waukuru kumeneko, nicisankha Dr Hastings Kamuzu Banda akhale mtsogoleri wa cipanico moyo wace wonse, zaka zinai dziko lisanalandire ufulu pa 6 July 1964.

Madzi a Mawira

M'mawa mwace ndinamka kukaona akasupe otentha amene achedwa Mawira. Dzinali licokera ku mneni kuwira, ndipo lipezekanso ku Liwonde kumene kuli akasupe otere. Pophunzitsa mau awa nkwabwino kuwasiyanitsira ana makwerero atatu, ndiwo madzi ofunda, madzi otentha ndi madzi owira. Ndiponso asasokoneze kuwira kwa madzi ndi kuwirira kwa nkhalango. Kunena zoona madzi a Mawira safika pa kuwira kwa mphika wa pamoto, koma pamene atumphuka munthu sangathe kusungamo dzanja, ndipo mamawa nthunzi yace ioneka patali. Kumunsi kwace, kumene ayamba kuzizira, ndinapeza akazi ali kucapa ndi ana ali kusamba. Kumeneko nkhuni zotenthetsera madzi sizifunika.

Ana adzafunsa kuti, Moto wace uli kuti? Muwayankhe motere. Nyanja yathu igona m'cigwa cacikuru cimene cinang'ambika kalekale, pamene nthaka ya mbali ino ya Afrika inayamba kutanuka. Cigwa comweco cipitirira kumpoto kufikira ku Ethiopia, ndi kum'mwera citsata Shire. Kuya kwa Nyanja kumpoto kwace kufika mamita 700, kotero kuti pansi pace patsika kuposa mwamba mwa nyanja ya mcere. M'mbali mwa cigwaco matanthwe ali ndi ming'alu yozama. Madzi a mvula ogwa m'mapiri a kumadzulo alowa m'ming'alumo natsika pansi. Ndipo popeza kutentha kwa nthaka kuonjezeka ndi madigiri 25 kapena 30 pa kilomita iriyonse yotsika, madziwo atenthedwa ndi miyala, nakankhidwa ndi madzi ena owatsata, nakwera msanga pa mng'alu wina asanazizire. Ndico cifukwa cace akasupe otere apezeka motsata cigwa, monga ku Chiweta m'dziko la Rumphi ndi ku Liwonde, ndipo zibvomezi zimene zinagwedeza Salima caka ca 1989 ndi Karonga caka ca 2009 zicokera ku ming'alu yomweyo. Akuru anati madzi saiwala khwawa. Madzi a Mawira ndi mvula yomwe ija, yabwera ndi njira yaitali.

Zakudya za kumeneko

Mlendo wa ku Nkhotakota sadzaiwala mpunga. Eni ace anyadira mtundu wochedwa Faya, umene pfungo lace limveka mphika usanabvundukulidwe, ndipo akuru anena kuti ulimi wa mpunga unakula pamenepo ndi anthu a Jumbe, amene anadzanso ndi mitengo ya kokonati ndi mitundu ina ya zipatso. Cinenero comwe cicitira umboni. Ife tiri ndi liu limodzi lokha, mpunga, ngakhale uli m'munda, m'thumba kapena m'mbale. Koma Aswahili, amene anaudya kuyambira kale, ali ndi atatu: mpunga uli m'munda, mchele wopuntha, ndi wali wophika. Mtundu wa anthu ucurukitsa mau pa cinthu cimene ukhala naco pafupi, monga ife tisiyanitsa mgaiwa, ufa woyera, gaga ndi mphale. Mau ena anatsala m'kamwa mwathu kucokera kwa alendo omwewo, monga mzikiti, shehe ndi thanga la ngalawa.

Koma cakudya ca masiku onse m'midzi yambiri ya m'gombe ndico kondowole, nsima ya cinangwa. Ife a ku Mulanje tidziwa makaka, cinangwa cosenda ndi kuyanika. Iwo ayamba acibviika m'madzi masiku angapo kufikira cifewe, ndipo atatero aciyanika ndi kucisinja. Kubviikako si mwambo wacabe, pakuti cinangwa cowawa ciri ndi ululu umene madzi aucotsa, ndipo wodya cosabviika bwino akhoza kudwala kapena kufa. Kondowole ndi wonyundira ndi wolemera, wophika atuluka thukuta pomtakasa, ndipo wodya satafuna koma angomeza. Ine tsiku loyamba ndinalephera, ndipo mai wa nyumba imene ndinagonamo anandiseka, nati, "Acimwene, kondowole salimbana ndi mano, mbviikeni mu msuzi mumleke apite yekha." Ndiwo zace ndizo cigwada, masamba a cinangwa comweco osinja, ndi nsomba: cambo, kampango, usipa, ndi mpasa imene ikwera mtsinje wa Bua m'nyengo ya mvula kukaikira mazira. Mtsinjewo udzera m'nkhalango yosungidwa ya Nkhotakota, kumene kale palibe akadaganiza kuti njobvu zidzasowa. Koma zinacepa ndi mfuti, kotero kuti m'zaka za 2016 ndi 2017 anatengerako njobvu pafupifupi 500 pa magalimoto kucokera ku Liwonde ndi Majete. Dziko limene linagulitsa minyanga linayamba kuitanitsa njobvu.

Cinanso codabwitsa munthu wa kumapiri ndi nkhungu. Nthawi zina pa Nyanja paoneka mizati yakuda yonga utsi wa lupsya, koma si utsi, ndi tizirombo touluka tosawerengeka toturuka m'madzi. Mphepo ikatifikitsa kumtunda anthu atikola ndi malicero, natiumba timitanda, natiphika ndi kutiyanika kukhala ndiwo. Livingstone anaziona caka ca 1861 nazilemba. Tisapeputse cakudya ca anzathu. Wa ku Nyanja akadzafika kuno adzadabwa comweco poona kalongonda wathu, amene aphikidwa tsiku lonse ndi kutayidwa madzi kawirikawiri asanadyedwe.

Cimene tidzawauza ana

Pobwera ndinalingalira m'njira monse za anyamata awiri aja. Ndinaona kuti funso lakuti, Ndi mtundu uti unagulitsa anthu? liri lokhota pa ciyambi pace, ndipo yankho lace silingaongoke. Unyolo uja unali wautali. Kunsonga kwina kunali wogula zisa za minyanga ku Ulaya ndi mwini munda ku Pemba. Pakati panali Jumbe ndi zombo zace, Apwitikizi a ku Quelimane, mafumu ena a Ciyao, ndi magulu a nkhondo a Angoni. Ndipo kunsonga ya kuno kunali mafumu ena a Acewa ndi Amang'anja, ndi eni mbumba amene anapereka mphwao kulipira mlandu kapena kugula nsaru. Ogulitsidwanso anali a mitundu yonse, Ayao omwe. Ayao ambiri amene anafika kuno m'zaka za m'ma 1860 anali othawa njala ndi nkhondo kwao, monganso Alomwe ambiri anaoloka Ruo pambuyo pace kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nagwa m'thangata pa minda ya Azungu. Palibe mwana m'sukulu mwathu angathe kunena motsimikiza kuti mwazi wace uli wa ogulitsidwa okha kapena wa ogulitsa okha, pakuti akazi ambiri ogwidwa sanaoloke Nyanja, koma anakwatiwa m'midzi ya owagwirawo nabala ana.

Tsono tisabise nkhaniyi poopa kukhumudwitsa, pakuti cobisika m'sukulu ana adzacimva kubwalo copotoka. Tichule maina, zaka ndi malo monga ziri. Tinene kuti kugulitsa munthu ndi coipa, angakhale anacicita ndani. Koma tisalole mwana wa lero asenze goli la mlandu wa caka ca 1863. Ku Nkhotakota ndinaona zidzukulu za anthu a Jumbe ndi zidzukulu za akapolo omasulidwa ziri kucapa pa kasupe mmodzi ndi kugula mpunga pa msika umodzi, mzikiti uli apa, chalichi ciri apo.

Sukulu itatsegulidwa ndinamka kwa makolo a mnyamata uja anawerama, ndi kupepesa kuti ndinamsiya wopanda womnenera. Anabwera Lolemba lace. Ndinajambula Nyanja pa bolodi, ndi njira ya ku Kilwa, ndi mpata wa Fort Lister, ndipo ndinayamba phunzirolo kacikenanso kucokera pa ciyambi.